Kodi mpaka kugwe maliro kuti tione mapiri?

Mmalawi akanyamuka ulendo wautali ndi banja lonse, dziwani kuti kwagwa zovuta, kapena kuli ukwati, apo ayi akukatula mwana kusukulu yogonera komweko. Mapiri okongola timawadutsa tili pa lole, nyimbo za maliro zili pakamwa, maso ali pansi. Zitunda timazitsika usiku pothamangira chinkhoswe cha m'mawa. Tayesani kuuza anzanu pamsika wa Mitundu kuti Loweruka mukutenga mayi a kunyumba ndi ana kukaona phiri. Funso loyamba likhala lakuti, "Kuli ndani kumeneko?" Mukati kulibe aliyense, mukungofuna kukaona basi, ayang'anizana: bambo awa ndalama za fodya zawazunguza mutu.

Sabata ino ndikuikira kumbuyo misala imeneyi. Mfundo yanga ndi imodzi: ulendo wa banja wokaona mapiri ndi zigwembe sulira chuma chambiri ayi, umalira dongosolo, ndipo dongosolo labwino limayambira pakhomo. Ambiri amene amayesa amafuna Zomba, Mulanje ndi nyanja zonse zilowe m'masiku awiri. Mapeto ake ana amangoona misana ya mipando, agogo miyendo yatupa, woyendetsa wakwiya. Ulendo wabwino umayezedwa ndi malo amene mwaima, osati makilomita amene mwameza.

Ife a kummwera kwa Lilongwe tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Dzuwa likamalowa, mzere wa mapiri umene timauona kumadzulo uja ndi Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000 imene idakhala yotetezedwa kuyambira 1922, ndipo kuseri kwake ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umayambira mmenemo, Diamphwe nayenso chimodzimodzi. Madzi amene amatuluka pampopi ku Kawale ndi ku Area 47 amadzera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966, lachiwiri la 1989, koma kwawo kwenikweni ndi kumapiri amenewa. Mwana wa m'tauni amene amayesa kuti madzi amachokera ku Water Board ayenera kukaima pa kamtsinje kozizira m'kati mwa mitengo ya mombo ndi misuku, aviike dzanja, auzidwe kuti tiyi wake wam'mawa amayambira pano.

Tsiku loyamba likhale limenelo. Misewu yake ndi yadothi, choncho galimoto yotsika kwambiri isiyeni, ndipo lawirirani mame asanakamuke. Mukafika, onanani ndi a zankhalango, mupeze munthu wodziwa njira. Safunsa adadya phula, ndipo m'nkhalango zitunda zimafanana. Agogo musawasiye kunyumba poganiza kuti akuchedwetsani, chifukwa nkhani za malo ano zili ndi iwo. M'mapiri omwewa muli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati Chauta adatsikira ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, mapazi awo n'kudinda pathanthwe lidakali lofewa. Ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu adapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zidathawa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Chakufupi ndi kumeneko kuli Msinja, kumene Makewana ankatsogolera mapemphero a mvula. Awa si malo ongolowa ngati pabwalo la mpira. Mumayamba mwalonjera a mfumu, iwo ndiwo anene ngati n'kotheka ndi amene akuperekezeni.

Ana akamva nthano ya motoyo, sipafunikanso ulaliki. Adzaona okha zitsa, mauvuni ofuka utsi ndi njinga zosenza matumba a makala zikulunjika ku tauni. Zinthu zidafika poipa mwakuti mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi. Ichi n'chifukwa china chosazengerezera ulendowu: phiri silithawa, koma mitengo yake ikuthawa.

Amene nkhalango yawatalikira, Bunda ali pompano, thanthwe limodzi lalikulu pafupi ndi sukulu ya zaulimi. Mwana wa Sitandade 4 amakwera bwinobwino m'mawa umodzi, ndipo pamwamba mudzapeza anthu akupemphera, ena atagona komweko. Mukaima pamenepo chigwa chonse chili poyera: madambo, zigafa za fodya, Ngala ya Pakamwa ndi phanga lake loyasama, komanso Nkhoma cha kummawa. Aloleni ana atchule okha mudzi uliwonse umene akuuzindikira. Mapu a m'kalasi amayamba kumveka tsiku limenelo.

Tsiku lachiwiri ndiye la msewu weniweni, ndipo langizo langa n'lakuti mutsatire madzi. Madzi a ku Dzalanyama amatsikira kunyanja. Inunso tsikani nawo. Gwirani M1 pa Nathenje, mudutse Kamphata pamene pamapatukira msewu wa ku Nkhoma, mishoni ya 1896 ija. Pa mlatho wa Diamphwe chepetsani liwiro, muwauze ana kuti mtsinje uwu mudauona dzulo udakali khanda. Kuchoka mumzinda wa Lilongwe kukafika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 okha, koma musawathamange. Pakatipa pali Chongoni, pamene pali malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, alenje akale. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Chentcherere ndi pofikika msanga ngakhale ndi ana aang'ono. Pasapezeke wolemba dzina lake ndi khala pamenepo. Zojambulazo zapirira mvula zaka mazanamazana, zisafere m'manja mwa mwana wanu.

Pa Dedza valani majuzi. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limafika 2,198. Gonani pomwepo ngati thumba likulola, chifukwa chimene chikubwera chimafuna maso opuma ndi kuwala kwa m'mawa.

Mukapitirira Dedza pang'ono, pa Masasa, khoterani kumanzere mulowe msewu wa Golomoti, uja timati Khwekhwelele. Apa ndiye pachimake pa ulendo wonse. Dziko limathera mwadzidzidzi, msewu n'kuyamba kupindika m'mbali mwa zigwembe zakuya, ndipo kukayera nyanja imaoneka patali. Mwana akafunsa amene adakumba chidzenje chonsechi, yankho lilipo: zaka mamiliyoni zapitazo nthaka idang'ambika, chigawo chapakati n'kutitimira, madzi n'kudzaza pamene padazama kwambiri. Mng'alu womwewo umapitirira kumpoto kudutsa Tanzania, Kenya mpaka Ethiopia. Nyanja yathu ili pamtunda wosakwana mamita 500, kutanthauza kuti m'kanthawi kochepa mutsika mamita oposa 1,000. Makutu adzatseka, majuzi adzavulidwa, minda ya kachewere idzatha, milambe n'kuyamba. Palibe buku la jogalafe limene lingaphunzitse zimenezi msanga chotero.

Kwa woyendetsa, Khwekhwelele si malo oonetsera ukatswiri. Tsikani ndi giya yamphamvu, yachiwiri kapena yoyamba, injini izigwira galimoto. Mukangodalira mabuleki amatentha, ndipo akatentha sagwira. Fungo la chopsa likamveka, imani pamalo otambasuka mudikire kuti azizire. Kuchotsa giya kuti mupulumutse mafuta ndiko kuitana ngozi. Musaime pokhota kuti mujambule chithunzi, ndipo woyendetsa aone msewu, zokongolazo azionera poima.

Pansi, mukalowa M5 n'kulunjika kumpoto, muli pafupi ndi Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers adayambitsa mu 1902. Pamenepo pali Kungoni, malo a zachikhalidwe amene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yosunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mtsinje wa Nadzipokwe udasema miyala pambali pomwepo, ndipo ndi malo abwino omasulirapo kamba. Kuchoka apo pitirirani ku Salima, kumene Linthipe, atalandira Diamphwe ndi Lilongwe, amakathira m'nyanja, kenaka mukwerenso chitunda pa M14 kubwerera kwanu. Kuzungulira konseku ndi makilomita opitirira 300. Mwana amene waona kasupe, mtsinje, damu, chigwembe ndi nyanja motsatizana chonchi sadzaiwala kuti zonsezi ndi chingwe chimodzi.

Zomba ndi Mulanje zisungireni chaka chinacho, ndipo muzipatse masiku ake. Pamwamba pa Zomba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi Dzenje la Chingwe, limene lili m'mphepete mwa phompho loyang'ana chigwa cha Shire. Ku Mulanje, Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo si ya ana. Banja likhutire ndi kuyenda kuchokera pa Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba ndi mperekezi wovomerezeka, osalola aliyense kudumphira m'madzi amene sakuwadziwa kuya kwake. Ofuna chigwembe chenicheni akaone Mpatamanga, pamene Shire yense amapanikizika pakati pa miyala. Kumeneko kukukonzedwa zomanga damu la magetsi, ndiye maonekedwe ake sadzakhala momwemo mpaka kale. Kumpoto kuli Njakwa pa Rumphi ndi mathithi a Manchewe ku Livingstonia. Dziko ndi lalikulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono za nyengo. Dzinja ndi lobiriwira koma misewu yadothi imasanduka phala, milatho ina n'kukokoloka. Kuyambira Meyi mpaka Julaye kumwamba kumayera, maso amafika kutali, kungoti kumazizira ndipo ana amakhala ali pasukulu, choncho ndi nyengo ya maulendo a Loweruka. Ogasiti ndi wa tchuthi chachikulu, ndalama za zokolola zikadalipo, koma utsi wa moto wolusa umayamba kuphimba mapiri. Zikatero yendani m'mawa. Seputembala ali ndi mphatso yakeyake: mitengo ya m'Dzalanyama imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe.

Za ndalama, ulendo uli ngati munda: umasosedwa nyengo isanafike. Werengani makilomita, mugawe ndi mmene galimoto yanu imamwera. Ngati imayenda makilomita 12 pa lita, kuzungulira kwa Khwekhwelele kukufuna malita osachepera 30 mukawerengera zitunda. Dzazani thanki musananyamuke, poti masiku a mizere ya mafuta amabwera osagogoda. Onjezerani ya pa tologeti ya Kalinyeke, yogona, yothokozera operekeza, ndi ina yapadera imene simuikhudza pokhapokha pagwe vuto. Amene alibe galimoto asadzione otsalira: mabanja awiri kapena atatu angathe kusonkherana n'kuchita hayala minibasi, monga momwe timachitira pa ukwati. Amayi a banki mkhonde amadziwa bwino kusunga ndalama ya cholinga. Bwanji cholinga china chisakhale chimenechi?

Galimoto ikaonedwe ndi makaniko kudakali sabata: mabuleki, matayala, madzi, oyilo. Sipeya ikhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala zikhalemo. Laisensi, inshulansi ndi COF zikhale zamoyo, kuti pa rodibuloko mungopatsana moni ndi apolisi. Musapanikize anthu asanu ndi atatu m'galimoto ya anthu asanu poopa kukhumudwitsa achibale, ndipo dzuwa likalowa mukhale mutafika, chifukwa usiku M1 imadzaza ngolo, njinga zopanda nyali ndi malole ofera pamsewu.

Kamba achokere kunyumba: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nkhuku yootcha, chigubu cha thobwa ndi madzi akumwa ambiri. Mapepala ndi mabotolo abwerere nanu. Mwana aliyense apatsidwe ntchito: wina awerenge milatho, wina alembe maina a mapiri, wamkulu asunge kaundula wa ndalama. Mafoni atuluke pojambula pokha. Ndipo dongosololi lisakhale la bambo okha. Mayi akanena kuti apa tiime ana atambasule miyendo, galimoto iime. Mukakumana ndi gule m'misewu ya kumidzi, chepetsani liwiro, perekani ulemu, kandalama kakhale pafupi.

Paulendowu msewu udzakuyesani. Kachewere ndi kabichi wa ku Dedza gulani, tomato gulani, alimi apindule ndi ulendo wanu. Kenaka mudzafika pamene matumba a makala aimikidwa m'mbali mwa msewu, mtengo wake wotsika kuposa wa m'tauni, ndipo kubuti kuli malo. Sindikuweruzani, magetsi athu tonse tikuwadziwa, gasi naye si wa aliyense. Koma kumpando wakumbuyo kudzakhala munthu amene waona zitsa ndi maso ake, waviika dzanja pa kasupe, ndipo akudziwa tsopano kumene thumbalo lachokera. Adzafunsa. Pa zonse zimene mukukonzekera, yankho la funso limenelo mulikonzeretu musanalize galimoto.