Malamulo a Chitetezo cha Makompyuta Ayesedwe Ngati Mbewu

Palibe mlangizi wa zaulimi amene angagaŵire alimi mbewu yatsopano ya chimanga isanayesedwe pa malo ofufuzira monga a ku Chitedze. Nanga n'chifukwa ninji malamulo otetezera makompyuta a m'maofesi athu timangoŵalandira osafunsa amene anaŵayesa?

Titenge nkhani ya mawu achinsinsi otsegulira kompyuta. M'chaka cha 2003 Bill Burr, wa bungwe loona za miyezo la boma la America lotchedwa NIST, analemba malangizo akuti mawuŵa azisakaniza malembo, manambala ndi zizindikiro. Mwambo umenewu, pamodzi ndi wokakamiza anthu kusintha mawuwo pakapita miyezi itatu iliyonse, unafala m'maiko ambiri, ndipo aliyense wogwira ntchito m'boma akuudziŵa kutopetsa kwake.

Tsono mu 2010 akatswiri a pa University of North Carolina anachita chimene chinayenera kuchitika poyamba. Anatenga mawu achinsinsi akale a anthu oposa 7,700 naona m'mene anthuwo ankasinthira. Anapeza kuti ambiri ankangosintha nambala imodzi kapena chizindikiro chimodzi, kotero kuti pa anthu 100 alionse, mawu atsopano a anthu 17 anadziŵika poyesa kosapitirira kasanu, pongoyang'ana akale aja. Lamulo lija linkavutitsa kalaliki wokhulupirika, mbala ikudutsa bwinobwino. Mu 2017 bungwe lija linasintha malangizo ake: mawu akhale aatali, ndipo asinthidwe pokhapokha pali umboni wakuti abedwa. Chaka chomwecho Burr mwini wake anavomera poyera kuti zambiri zimene analemba akumva nazo chisoni.

Ife sitikunena kuti ogwira ntchito azinyozera malamulo a m'maofesi. Mwambo ndiwo msana wa ntchito za boma. Koma amene amakhazikitsa malamulowo ayenera kukhala ndi umboni. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loona za chitetezo cha pa intaneti, ndipo lamulo lokha silingatiuze chida chimene chimagwiradi ntchito. Wamalonda akabwera ndi pulogalamu yake yodula, mlembi wamkulu amufunse kuti inayesedwa kuti, ndi ndani, ndipo inalephera kangati. Ofesi ikabedwa, zonse zilembedwe m'kaundula: tsiku, njira imene mbala inaloŵera, ndi masiku amene anapita zisanadziŵike. Kubisa nkhani zotere chifukwa cha manyazi n'kumana akatswiri athu a ku MUST ndi MUBAS zipangizo zofufuzira, pamene ndalama zogulira mapulogalamuwo ndi za msonkho wa anthu a kumudzi.