"Kompyuta Yanena": Ulesi Wovala Tayi

Pakati pathu ophunzira pabuka mwambi watsopano: "Kompyuta yanena." Ikanena, tonse timangoti zii ngati walankhula ndi bishopu. Ine ndikuti umenewu ndi ulesi wovala tayi, ndipo umboni wanga ndi manyazi anga omwe.

Namondwe Freddy atasesa chigwa cha Shire mu Malichi 2023, ndinali kwathu ku Marka, kumalire ndi Mozambique. A nyakwawa anati poti ndine "wa ku yunivesite", ndikonze mndandanda wa mabanja olandira ufa. Ndinatsegula Emacs pa laputopu yanga yokalamba nkulemba kapulogalamu m'chinenero cha Lisp, chija anayambitsa John McCarthy mu 1958. Pofuna kudzionetsa ukatswiri, ndinapanga macro yoti izitenga dzina, kuona ngati silinalembedwe kale, kenaka nkulilemba papepala la ogaŵa. Inayenda myaa, osadandaula.

Tsiku logaŵa, agogo ena anandiyang'ana m'maso nati, "Mdzukulu, nyumba yanga inapita ndi madzi. Nanga dzina langa lapita ndi chiyani?" Pafupifupi theka la mabanja munalibe.

Chinachitika nchiyani? Function imalandira yankho lophikaphika. Macro imalandira mau osaphika, nkuŵamata paliponse pamene wolemba waiuza. Ine ndinaipatsa (pop mabanja), lamulo lochotsa dzina limodzi pamndandanda, ndipo macro yanga inamata lamulolo malo aŵiri. Dzina loyamba linkafufuzidwa nkutayidwa, lachiŵiri nkulembedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Usiku womwewo ndinasindikiza C-u C-M-x kuti Edebug indiyendetse mzere ndi mzere. Itafika pa macro inangolumpha ngati mwana wodumpha chithaphwi, chifukwa sindinaiuze ndi (declare (debug t)) kuti mau a m'katimo nawonso ngofunika kuimapo. Nditaiuza, inaima pa pop kaŵiri. Nditayitanitsa macroexpand-1, chiphuphu chonse chinagona poyera. Mankhwala ake anali mizere iŵiri: kutenga dzina kamodzi, kulisunga ndi let pansi pa chizindikiro chopangidwa ndi make-symbol. Ngakhale apo vuto silinachoke mpaka nditaŵerengetsanso function yoitana macroyo, pakuti inali itameza kale mau akale aja.

Tsono ndikufunseni inu aphunzitsi athu: nchifukwa ninji mumachonga yankho lokha? Pulogalamu yanga ikanabwera patebulo panu, mukanaipatsa mamalikisi onse, pakuti inatulutsa mndandanda wooneka bwino. Ndi kangati mwamuimiritsa wophunzira kutsogolo kuti atambasule macro yake, afotokoze chimene makina akuchitadi? Mukutiphunzitsa kupaka laimu nyumba ya chiswe.

Ena mudzati, "Lisp ndi ya makolo, ife tili pa Python." Chabwino. Koma kodi mizere mumakopera pa intaneti usiku wa asayimenti ija munayamba mwaitsegula m'mimba? Matenda ake ngomwewo.

Ndikupempha chinthu chimodzi: pasapezeke wolandira digiri ya zamakompyuta asanakhale ndi debugger maola angapo, akutsata cholakwa chake mpaka kudzenje. Agogo aja ufa analandira, a nyakwawa ataŵerenganso maina ndi pakamwa, mmodzimmodzi, padzuŵa la ku Nsanje. Ine ndinaima pambali, laputopu m'khwapa, maso pansi.