ZA M'THENGO: Kugona pa msasa ku Kundalila

Kugona m'thengo si cinthu cacilendo kwa anthu a kumidzi. Alenje ndi asodzi akhala akumanga misasa kuyambira kalekale. Masiku ano ana a sukulu ndi anthu a m'matauni nawonso amanyamula matenti kupita kumapiri kukapumula, koma ambiri a iwo sadziwa mwambo wa pa msasa.

Amodzi mwa malo amene alendo otere amakonda ndi mathithi a Kundalila, makilomita pafupifupi 14 kucokera pa Kanona, pa msewu wa Great North Road mukapitirira Serenje. Pamenepo mtsinje wa Kaombe umagwa mamita pafupifupi 70 kucokera pa mapiri a Muchinga ndi kulowa m'phompho. Dzinalo ndi la Cibemba, ndipo limanena za kulira kwa njiwa. Malowa ali m'manja mwa bungwe la boma la National Heritage Conservation Commission, ndipo mlendo amaloledwa kumanga tenti akalipira.

Cuma ceniceni ca malowa ndi nkhalango ya m'phomphomo. Mitengo yake siyoyola masamba ngakhale m'cilimwe, pakuti nthunzi ya mathithi imanyowetsa nthaka caka conse. Koma nkhalangoyo ndi yaing'ono, ndipo yazingidwa ndi udzu umene umauma gwa kuyambira mu Ogasiti kufikira mvula itagwa. Mitengo ya msuku ndi mombo imaphukanso moto ukadutsa, pamene mitengo ya m'mbali mwa madzi ili ndi makungwa opyapyala, ndipo ikapsa imafa. Cikuni cimodzi cosiyidwa cikufuka cikhoza kuononga pa tsiku limodzi mitengo imene inakula zaka zambirimbiri.

Motero mlendo asonkhe moto pa malo olambulidwa bwino, atole nkhuni zouma zokha, ndipo pocoka authire madzi ndi dothi kufikira phulusa litazizira. Zitini ndi mabotolo abwerere nazo kwao, cifukwa madzi a Kaombe amamwedwa ndi anthu ndi nyama kumunsi. Njira yotsikira ku dziwe la pansi pa mathithi ndi yoterera, ndipo ana asayende okha m'mphepete mwa phompho.

Aphunzitsi ndi makolo amene anakulira pa misasa ya makolo ao akuidziwa bwino miyambo imeneyi. Ndi udindo wao kuiphunzitsa kwa ana ulendo usanayambe.