Keyala yobwereka sicepetsa malipiro a udotolo ku America

Kukolola kwatha, ndipo m'nyumba zambiri nkhani tsopano ndi ya sukulu ya ana. Pakati pa awerengi athu alipo ena, ngakhale si ambiri, amene ali ndi m'bale ku America: mlongo amene ndi nasi kumeneko, kapena mwana wa acimwene amene anapeza green card. Mabanja otere akakhala ndi mwana wanzeru amayamba kulota kuti akaphunzire udotolo kumeneko. Kulota sikulakwa. Cimene catidetsa nkhawa ndi mau amene tikumva akuyenda, akuti mwana akangolemba keyala ya azakhali ake pa fomu adzalipira ndalama zocepa monga mwana wa komweko. Mau awa ndi osoceretsa, ndipo tati tiwaunike munthu wina asanagulitse ng'ombe za pa joko cifukwa ca iwo.

Tiyambe ndi mmene dzikolo lilili. America ndi dziko limodzi, koma lili ndi zigawo 50 zimene iwo amazicha masteti. Steti si monga cigawo cathu ca Kum'mawa kapena ca Kumwera. Iliyonse ili ndi boma lake, nyumba yake ya malamulo ndi mayunivesite ake. Pafupi-fupi sukulu zonse za udotolo za boma ndi za steti, osati za boma lalikulu la ku Washington, ndipo zimathandizidwa ndi misonkho ya anthu a m'steti imeneyo. Ndiye cifukwa cake pali mitengo iwiri pa maphunziro amodzi. Mwana wa m'stetimo amalipira mtengo wotsika, umene amaucha in-state tuition, pamene wocokera ku steti ina amalipira wokwera, ngakhale kuti nayenso ndi nzika ya America. M'zaka zaposacedwapa mtengo wa pakati-kati wa mwana wa komweko wakhala pafupi-fupi madola 40,000 pa caka, wa mlendo kupitirira madola 60,000. Maphunzirowo ndi a zaka 4. Werengani nokha kusiyanako, kenaka muculukitse ndi mtengo wa dola lero.

Ife sitikuona kukondera pa lamuloli, ndipo alimi adzalimvetsa msanga. Feteleza wa FISP amapatsa mlimi amene analembedwa mu kampu yake ndi mu kopaletivu yake, amene munda wake umadziwika. Munthu wa mu Lusaka sangabwere ku Katete pa tsiku logawa nanena kuti amalume ake ali m'mudzi muno, cotero nayenso alandire. Anthu a ku Ohio kapena ku Texas amaganiza cimodzi-modzi: ndalama zathu ziphunzitse ana amene makolo ao asonkha nafe, amene mwina adzakhala kuno ndi kuciza odwala athu.

Nanga munthu amakhala bwanji wa m'steti pamaso pa yunivesite? Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Safunsa cabe kumene ugona. Amafunsa ngati unasamukira kumeneko ndi mtima wokhazikika, monga munthu amene wapempha malo kwa mfumu, wamanga nyumba ndi nkhokwe, osati mlendo wodzera maliro amene adzabwerera. Masteti ambiri amafuna kuti ukhale utakhalamo miyezi 12 yathunthu maphunziro asanayambe, ndipo cifukwa cobwerera cisakhale sukulu yokha. Popeza mtima wa munthu suoneka, amayang'ana mapepala: laisensi yoyendetsera galimoto ya steti imeneyo, pangano la lendi la nyumba lokhala ndi dzina lako, umboni wa nchito imene unagwira, ndi msonkho umene unalipira kumeneko. Ndipo mwana amene akali m'manja mwa makolo, amene fizi ndi cakudya zimacokera kwa iwo, kawiri-kawiri amawerengedwa kuti kwao ndi kumene kuli makolowo. Azakhali amene akumsunga pa chuthi sasintha kanthu. Ngati atate ndi amai ali ku Petauke, keyala ya ku Dallas siipusitsa munthu wa mu ofesi amene nchito yake caka conse ndi kufufuza zimenezi.

Nkhaniyi inafika kale ku khoti lalikulu la dzikolo. Mu 1971, pa mlandu wa Starns ndi Malkerson, khoti linasiya cilili lamulo la ku Minnesota lofuna kuti munthu akhale caka cimodzi asanalipire mtengo wotsika. Mu 1973, pa mlandu wa Vlandis ndi Kline, linakana lamulo la ku Connecticut limene linkati amene anafunsira malo ali kunja adzakhala mlendo mpaka atatsiriza maphunziro, popanda mpata wosonyeza kuti tsopano wakhazikika. Cotero khomo lilipo, koma steti ili ndi mphamvu yokudikiritsa ndi yofuna umboni.

Kukula kwa khomolo kumasiyana kwambiri. Ku California, ku Ohio ndi ku New York, wophunzira udotolo amene ndi nzika kapena ali ndi green card kawiri-kawiri amatha kupempha kuti amwerenge monga wa komweko atatha caka coyamba, ngati anakonza mapepala ake atangofika. Amalipira mtengo wa mlendo caka cimodzi, zaka zitatu zotsalazo wotsika. Kwina, monga ku University of Michigan, amaumitsa zinthu: amene anabwerera sukulu amaonedwa mlendo, ndipo kusintha zimenezi ndi kobvuta. Masteti ena alibe sukulu yao ya boma ya udotolo ndipo amagula malo kwa anzao. Ana a ku Wyoming, Alaska, Montana ndi Idaho amaphunzira kudzera ku University of Washington pa pangano lochedwa WWAMI, limene linayamba mu 1971. Nayonso mipando imeneyi ndi ya ana a masteti amenewo okha.

Texas ndiyo imakopa anthu ambiri, cifukwa mitengo yake ili pakati pa yotsika kwambiri m'dzikolo. Koma lamulo la kumeneko limati pa ana 100 alionse olowa m'sukulu za boma za udotolo, alendo asapitirire 10. Apa pakuoneka cinthu cimene makolo saciganizira: kukhala wa m'steti sikukhudza mtengo wokha, kumakhudzanso kupeza malo kumene. Mwana angakhoze bwino mayeso olowera a MCAT nakanidwabe, cifukwa mipando ya alendo ndi yowerengeka. Wofuna kukhala wa ku Texas ayenera kukhalako miyezi 12 ndi kusonyeza kukhazikika, mwacitsanzo mwa kugwira nchito yolipidwa nthawi yonseyo.

Zonse tanenazi ndi za nzika ndi a green card. Kwa mwana wocoka kuno ndi viza ya wophunzira, ya F-1, nkhani ndi yaifupi ndiponso yowawa. Popempha viza imeneyi munthu amalonjeza kuti kwao ndi ku Zambia ndipo adzabwerera akatsiriza. Sangauze kazembe kuti ndidzabwerera, kenaka n'kuuza yunivesite kuti ndakhazikika kuno. Cotero ngakhale atakhala mu steti imodzi zaka 8, mwa lamulo la kukhazikika amakhalabe mlendo. Zoona, alipo maviza ena amene amalola kukhazikika. Mu 1982, pa mlandu wa Toll ndi Moreno, khoti linaletsa University of Maryland kumana mtengo wotsika ana a anthu ogwira nchito m'mabungwe monga World Bank, amene ali ndi viza ya G-4. Koma ndi alimi angati amene ana ao ali ndi viza yotere? Onjezani apo kuti sukulu zambiri za boma za udotolo sizilandira n'komwe ana a F-1, ndipo zina zimene zimalandira zimafuna kuona ndalama za zaka zonse mwana asanalowe m'kalasi. Ndipo mu December 2025 boma la America linaika Zambia ndi Malawi pa m'ndandanda wa maiko amene linaimitsa kuwapatsa maviza ena, kuphatikizapo a ophunzira. Aliyense afunse ku ofesi ya kazembe mu Lusaka mmene zinthu ziliri pa tsiku limene akufuna kuyamba.

Tikudziwa kuti ena adzati, tingolemba, sadzadziwa. Fomu imeneyi mwana amaisainira kuti zonse ndi zoona. Likadziwika bodza, yunivesite ingamlipitse ndalama zonse zimene anazemba, ingamcotsenso sukulu, ndipo mbiri yotere imamtsata pamene adzapempha cilolezo cogwira nchito ya udotolo. Pali msampha wina umene tikufuna abale athu a green card aumve bwino. Pa m'ndandanda wa maumboni a kukhazikika nthawi zambiri pamalembedwanso kulembetsa m'kaundula wa mavoti. Umenewo ndi wa nzika zokha. Munthu wa green card akadzinenera kuti ndi nzika, kapena akavota pa cisankho ca dziko, angathamangitsidwe m'dzikolo osaloledwa kubwereranso. Mwana wofuna kusonyeza kuti ndi wa komweko angataye zonse ndi siginecha imodzi pa kauntala ya malaisensi.

Za nkhongole nazonso. Boma la America limabwereketsa ndalama za maphunziro kwa nzika ndi a green card, osati kwa a F-1. Madotolo ambiri kumeneko amatsiriza ali ndi nkhongole ya pafupi-fupi madola 200,000. Lamulo limene linasainidwa pa 4 July 2025 linaika malire pa nkhongole zatsopano za ophunzira udotolo kuyambira pa 1 July 2026: madola 50,000 pa caka, ndi 200,000 zonse pamodzi. Yerekezerani ndi mitengo tachula poyamba ija. Wa mtengo wotsika angakwanitse fizi, ngakhale za lendi ndi cakudya zidzamsowetsa tulo. Wa mtengo wa mlendo nkhongole ya boma siimfikitsa, ndipo yotsalayo ndi ya ku mabanki, amene amafuna munthu wa komweko womuimirira. Tisaiwale kuti ku America mwana salowa udotolo atangocoka giredi 12. Amayamba watenga digiri ina ya zaka 4, imenenso ili ndi mitengo yake iwiri.

Banja limene mwana wao ali kale ndi green card licite zinthu mwa dongosolo. Mwanayo asankhe steti asanafunsire malo, awerenge malamulo a yunivesite imene akuifuna, ndipo alembere ofesi yoona za kukhazikika kuti amuyankhe pa kalata, osati pa foni ya msuweni. Ngati kuli kofunika, agwire nchito caka cathunthu m'stetimo, alipire msonkho, asunge pepala lililonse. Caka cimeneco makolo angacione ngati kucedwa, koma cingapulumutse madola oposa 20,000 caka ciliconse ca maphunziro.

Banja limene mwana ali kuno, wopanda mapepala a kumeneko, lisaike ng'ombe pa msika cifukwa ca mtengo umene lamulo silidzampatsa. Udotolo umaphunzitsidwa ku Ridgeway pansi pa UNZA, ku Ndola pa sukulu ya Michael Chilufya Sata ya Copperbelt University, ku Levy Mwanawasa mu Lusaka ndi ku Livingstone pansi pa Mulungushi, ndipo nkhongole za HELSB mwana wa mlimi ali ndi ufulu wozipempha. Amene adzafunebe America atatsiriza, njira ya madotolo ophunzira kunja ilipo: mayeso a USMLE ndi satifiketi ya ECFMG, ndipo pa maphunziro a ukatswiri m'cipatala dotoloyo ndiye amalandira malipiro.