NKHOKWE YA MAFUTA IKHALE KUTI?

Mafuta ambiri a galimoto a m'Zimbabwe amatsika m'zombo pa doko la Beira, nayenda mumpope kufika ku Feruka, pafupi ndi Mutare. Mpope wina uwapitiriza ku Msasa, m'Harare, ndipo malole awagawira m'magalaja. Pokhala njira yaikulu ndi imodzi, cikaonongeka cinthu ku Beira dziko lonse limva kuwawa.

Izi zinaoneka m'December 1982, pamene matanki a ku Beira anaphulitsidwa, anthu nacezera pa mizere ya petulo. Zinabweranso m'March 2019, namondwe Idai ataimitsa kupopa.

Ena ati galaja liri lonse lisunge mafuta a mwezi wathunthu. Nzeru imeneyi njodula, pakuti mafuta ogona ndiwo ndalama zogona, ndipo mtengo wace ugwera wokwera basi. Komanso kusiya zonse pa doko kuli ngati kumanga nkhokwe tsidya la mtsinje.

Coyenera ndi ici: nkhokwe zazikulu zikhale ku Feruka ndi ku Msasa, mkati mwa dziko, kumene thanki imodzi ithandiza mizinda yambiri, popeza yonse siiperewedwa tsiku limodzi. Muyeso wace ukhale mafuta okwanira masiku amene mpope ungakhale wosagwira nchito. Galaja lisunge ongofikira tsiku lobwera lole, ndi pang'ono pamwamba.

Wanchito wolawira mbandakuca kukadikira basi ayenera kufunsa a Boma: kodi ku Feruka kuli mafuta a masiku angati?