Eriyo Yacepa, Koma Mlongoti Ufunikabe

Alimi ambiri m'midzi tsopano akulandira ndalama ndi kumva mitengo ya mbewu kupyolera m'lamya za m'manja. Komabe ena amakwera pa culu kuti amvane ndi abale ao a m'tauni. Kuti nkhaniyi imveke bwino, m'pofunika kudziwa za eriyo, kacipangizo kamene kamakoka mafunde onyamula mau mumlengalenga.

Lamya ya m'manja imene a Martin Cooper a kampani ya Motorola anaimbira koyamba mu 1973 inali yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo eriyo yake inali yaitali, yoonekera kunja. Masiku ano eriyo inabisika m'kati. Cimodzi mwa zinthu zimene zathandiza kuicepetsa ndi seramiki, ufa wa miyala yosankhidwa umene amaumba ndi kuuocha pa moto waukali, monga momwe amai amaochera mbiya.

Nzeru imeneyi si yacilendo. Munthu amene anatsegulapo wailesi yakale anaona kamtengo kakuda kokulungidwa ndi waya. Kameneko ndi ferrite, mtundu wa seramiki umene a Yogoro Kato ndi a Takeshi Takei anatulukira ku Japan mu 1930.

Mafunde akalowa m'seramiki amayenda mocedwa ndipo amafupika, motero eriyo nayonso imatha kufupika. Mwacitsanzo, funde la GPS, limene limasonyeza malo amene munthu ali, ndi lotalika masentimita 19, koma eriyo ya seramiki ya masentimita awiri ndi theka imaligwira bwino. Popeza seramiki imasweka msanga, akatswiri amasakaniza ufa wake ndi pulasitiki kuti ikhale yopepuka, yolimba ndiponso yosabvuta kuumba.

Koma phindu limeneli lili ndi mtengo wake. Eriyo ikacepa kwambiri, mphamvu yake yokoka ndi kutumiza mafunde imacepanso. M'tauni bvutoli silioneka cifukwa milongoti ili pafupipafupi, koma kumudzi kumene mlongoti uli kuseri kwa mapiri, lamya imalephera ngakhale ikhale yodula.

Ici ndico cifukwa cake nchito ya Boma ndi bungwe la ZICTA yomanga milongoti m'madera akutali ili yofunika koposa kugula lamya yatsopano. Mafumu ndi anthu ao ayenera kuteteza milongotiyi kwa mbala zimene zimaba mabatire ndi masola, pakuti mlongoti umodzi ukazima, midzi yambiri imasowa poitanira ambulansi.