Mfumu Imagawa Malo, Siwagulitsa

Kuyambira pamene Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, midzi yozungulira tauniyi yayamba kulandira alendo a mtundu wina. Amafika pa galimoto, amatsika ndi tepi yopimira, ndipo pocoka amasiya timiyala ta simenti m'ngodya za munda. Mwini munda akafunsa, amangouzidwa kuti mfumu inasaina kale. Madandaulo otere tikuwamva m'misika, pa maliro ndi poturuka m'chalichi, ndipo ambiri odandaula ndi amai amasiye ndi nkhalamba zimene zilibe mwana wodziwa kuwerenga mapepala a Cingerezi.

Ife tikamba mosabisa kuti mcitidwe umenewu si mwambo wathu. Amene amanena kuti zonse za m'dziko ndi za mfumu, ndipo munthu wamba alibe mau, akunamizira makolo.

Tiyambe ndi dzina la mfumu yaikulu ya Acewa, imene anthu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakailamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa August uli wonse. Kalonga ndiye wolonga mafumu. Gawa ndiye wogawa malo. Undi ndiye wofungatira anthu monga thadzi lifungatira anapiye. Pa maina atatu onsewa palibe limene litanthauza wogulitsa. Mfumu imagawira munthu malo kuti alime ndi kudyetsa ana ace, ndipo munthuyo akagwetsa mitengo, nazula zitsa, nakolola, mundawo umadziwika ndi dzina lace kufikira adzukulu. Mfumu yokha siikanatha kumcotsamo popanda mlandu wokambidwa pa bwalo, anthu onse akumva.

Makolo anali ndi njira zambiri zochinjirizira munthu. Mwa Acewa, munthu ali yense anali ndi nkhoswe yomuimira pa mlandu, ndipo mlandu sunali kuzengedwa nkhoswe palibe. Ufumu ukafuna wolowa, amai a mbumba anali ndi mau pa kusankha, ndipo pa tsiku lomlonga akuluakulu anali kumlangiza poyera za ulemu umene ayenera kupatsa anthu ace. Mwa Angoni a Mpezeni, amene amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala mwezi wa February, mfumu inali kuweruza pamodzi ndi nduna zace, ndipo ngakhale munthu wogwidwa pa nkhondo anali kutha kukwera mpaka kukhala nduna cifukwa ca nzeru ndi kulimba mtima kwace. Pamwamba pa zonsezi panali cida cina camphamvu: mfumu ikacita nkhanza, anthu anali kusasula madenga ndi kusamukira kwa mfumu ina. Wotsala pa bwinja ndi agalu okha sanalinso kuchedwa mfumu.

Sitikunena kuti kale zonse zinali bwino. Kunali ukapolo, kunali mwabvi, ndipo osalakwa ambiri anafa. Koma mau akuti mfulu sitinabwereke kwa Azungu. Makolo anali kudziwa kusiyana kwa mfulu ndi kapolo, ndipo mfulu anali mwini nyumba yace, munda wace ndi pakamwa pace. Ndiye cifukwa cace anati nyumba ya mwini saochera mbewa.

Zinthu zinapotoka pamene Angoni anagonjetsedwa mu 1898 ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo anthu anapanikizidwa m'malo ocepa osungidwira anthu akuda. Lamulo la 1929 linaika mafumu pansi pa Bwana Disi, kuti azithandiza kusonkhetsa msonkho ndi kufalitsa malamulo a atsamunda. Kuyambira pamenepo mafumu ena anazolowera kuyang'ana ku Boma koposa kuyang'ana kwa anthu ao. Lero kusamuka sikuthekanso monga kale, cifukwa malo opanda mwini anatha. Munthu wolandidwa munda alibe kothawira, koma kukacita ganyu m'makomboni.

Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mwambo asandulike malo a pepala, a lendi ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomereza. Ambiri amaimira pomwepo powerenga. Koma lamulo lomwelo limanenanso kuti munthu ali yense amene nkhaniyo ingamkhudze ayenera kufunsidwa malowo asanaperekedwe. Mai amene walima munda zaka 30 ndi wokhudzidwa. Kumlumpha ndi kuphwanya mwambo ndi lamulo pa nthawi imodzi. Ndipo tikumbukire kuti malo akalowa m'pepala kawirikawiri sabwereranso m'manja mwa mudzi. Mfumu imene isaina lero ikucepetsa ufumu wa amene adzalowa m'malo mwace. Owerenga Buku Loyera akumbukira kuti ngakhale Ahabu, mfumu ya Israeli, anayenera kupempha munda wa Naboti, ndipo ataulanda mwacinyengo mlandu unagwera nyumba yace yonse.

Tiyenera kuyamikira mafumu amene asankha njira ina. M'maufumu a Mkanda, Mnukwa, Mshawa ndi Maguya, mafumu anagwirizana ndi bungwe la Chipata District Land Alliance kupima minda pamaso pa oyandikana nayo ndi kupereka zikalata za mwambo zosainidwa ndi mfumu, zolembedwa maina a eni ace, amai pamodzi. Cikalata cotere sicicotsa malo m'manja mwa ufumu, koma cimatsekereza wobwera usiku ndi tepi. Tipempha kuti nchito yotere ifike m'maufumu onse a cigawo ca Kum'mawa.

Koma cala cisaloze mafumu okha. Ufulu wa munthu pa mwambo wathu sutanthauza kucita ciri conse cimene mtima wafuna. Malume amene agulitsa munda wa mbumba alongo ace osadziwa, nakamwera ndalamazo ku Kapata, wacita colakwa comweco cimene tikudzudzula mwa nyakwawa. Abale amene athamangitsa wamasiye pa munda maliro asanazizire, ndi makolo amene akwatitsa mtsikana wa pa sukulu cifukwa ca ng'ombe, onse atenga mfulu namuyesa katundu. Lamulo la ukwati linasinthidwa mu 2023 kuti ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ukhale wosabvomerezeka, ngakhale wa cimwambo. Amene afuna kuti mfumu ilemekeze malire ace ayambe walemekeza malire a mlongo wace ndi mwana wace.

Pempho lathu nali. Kwa inu mafumu ndi nduna, nkhani ya malo ikambidwe pa bwalo masana, mwini munda ndi nkhoswe yace ali pomwepo, osati m'cipinda ca hotela. Wina akakufunsani mafunso musamuyese wamwano kapena kumtumira kapaso, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Kwa a khonsolo, musadinde pepala musanaponde pa malopo ndi kumva kwa amene amalimapo. Kwa inu anzathu a m'midzi, musaike cala pa pepala limene simunawerengeredwe m'cinenero canu. Mukaona timiyala tacilendo m'munda, pitani kwa nyakwawa tsiku lomwelo ndi mboni, ndipo zikakanika kumeneko ndi kwa mfumu yaikulu, bwalo la milandu ya malo la Lands Tribunal lilipo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tidzapitiriza kugwada ndi kuomba m'manja pamaso pa mafumu athu, monga anatiphunzitsira makolo. Ulemu umenewo timaupereka ngati mfulu, ndipo tiyembekezera kuti woulandirayo asunge minda imene ana athu adzalima.